Chipolopolo Kungolowa M'mfuti Yakale Sikuti N'chake

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene munatulutsa posachedwapa yonena za anthu amene amagula mfuti zakale za m'manja zomwe asilikali analeka kugwiritsa ntchito, makamaka zija zokhala ndi kamgolo kozungulira kosungiramo zipolopolo, zimene pa Chingerezi amati revolver ndipo akuluakulu ena amazitcha volovolo. Ndinakondwa kuona kuti mlembi wanu sanatiyese anthu aludzu la magazi ife okonda zida zimenezi, pakuti ambirife chimene chimatikoka ndi luso la amisiri akale komanso mbiri imene inadindidwa pa chitsulo. Komabe m'nkhaniyo munali chiganizo chimodzi chimene chandisowetsa mtendere, chija chonena kuti popeza mfutizi anazipangira nkhondo, n'zolimba moti zimalandira chipolopolo chilichonse chimene chalowa bwino m'bowo. Ndakhala ndikusunga ndi kuwombera mfuti zoterezi kwa zaka zambiri, chilolezo chake ndili nacho, ndipo ndikunenetsa kuti munthu amene angatsate mawu amenewo akhoza kutsala ndi zala zosakwana, kapena kuvulaza mnzake wosalakwa amene waima pambali pake.

Ndiyambe ndi mfuti ya Webley, chifukwa ndi imene inatsala pang'ono kundigwetsa m'mbuna ineyo. Boma la Britain linayamba kupatsa asilikali ake mfuti za kampani imeneyi, ya mumzinda wa Birmingham, m'chaka cha 1887, ndipo mtundu wake wotchuka kwambiri, wa Mark VI, unavomerezedwa mu 1915 nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Ndi mfuti yolemera makilogalamu 1.1, yotenga zipolopolo 6, ndipo imathyoka pakati. Ukakankha kampiringidzo kake ndi chala chachikulu, mpope umagwadira pansi limodzi ndi kamgolo, makoko onse a zipolopolo n'kutumphukira kunja nthawi imodzi. Kapangidwe kameneka kankamupindulira msilikali wofuna kuikamo zipolopolo zina mwachangu ali m'ngalande yamatope, koma kali ndi pofooka pake, chifukwa mphamvu yonse ya onga imatsamira pa hinjesi ya pansi ndi pa kampiringidzo ka pamwamba, pamene mfuti zina zili ndi thupi la chitsulo chimodzi chosadukiza. Chipolopolo chake, chotchedwa .455, chinkagwirizana ndi thupi loterolo, pakuti n'chachikulu koma chaulesi. Mutu wake umalemera magalamu 17 ndipo umayenda pafupifupi mamita 190 okha pa sekondi imodzi.

Nkhondo yachiwiri itatha, asilikali a maiko ambiri anayamba kusamukira ku mfuti zamakono zodziikira zokha chipolopolo china zikangowomba, ndipo zakalezo zinagulitsidwa chipiku kwa amalonda, zambiri n'kukathera ku United States. Kumeneko zipolopolo za .455 zinali zosowa, pamene za .45 ACP, zimene asilikali a dzikolo ankagwiritsa ntchito mu mfuti yawo ya M1911, zinali mbwee. Amalondawo anapeza kuti akasema kumbuyo kwa kamgolo n'kuchotsako chitsulo chokhuthala pafupifupi milimita imodzi ndi theka, zipolopolo za .45 ACP zimalowa bwinobwino zitakoledwa pa kachitsulo kopyapyala kooneka ngati mwezi. Zinalowadi, mfuti n'kumalira, malonda n'kumayenda, koma chitsulo chinatsala chomwe chija. Bungwe la C.I.P., limene limaika malire a mphamvu ya zipolopolo m'maiko ambiri a ku Ulaya, limati mpweya wa onga mu .455 usapitirire mabar 900, pamene mu .45 ACP umaloledwa kufika 1,300. Bar ndi muyezo womwe uja umene timayezera mpweya wa m'tayala la galimoto, lomwe limakhala ndi mabar awiri kapena kuposerapo pang'ono. Tsono mfuti yatsopano ya m'manja akamaiyesa kulimba isanagulitsidwe, amaiwombetsa chipolopolo choposa malire ake ndi magawo 30 pa 100 alionse, zomwe pa Webley zingakhale mabar 1,170. Ndiye kuti munthu wowombera .45 ACP mu Webley yosemedwa akhoza kukhala akuilembetsa mayeso amenewo, n'kupitirirapo, nthawi iliyonse imene wakoka kachitsulo kowombera, pamene mayesowo anayenera kuchitika mfutiyo ili yatsopano, osati itakwanitsa zaka zoposa 100.

Tsiku lina wogulitsa wina wovomerezeka anandionetsa Mark VI ya 1917 yooneka bwino kwambiri, n'kundiuza mokondwa kuti sindidzavutika kufunafuna zipolopolo zosowa chifukwa imeneyo imadya .45 ACP. Sindikhulupirira kuti ankafuna kundinyenga, iye ankangobwereza zimene nayenso anamva. Ndinali nditatulutsa kale mapepala anga pamene mkulu wina wa pa bwalo lathu lowomberapo, amene ndinawapempha kuti andiperekeze, anaitenga n'kundilozera nambala yodindidwa m'mbali mwa kamgolo, imene inali yodukira m'munsi ngati wina waidula ndi lumo, komanso mpata waukulu pakati pa kamgolo ndi thupi la mfuti. Kenako anaigwedeza ili chitsekere, ndipo tonse tinamva kuti hinjesi ikugwedera. Msampha wake ndi wakuti mfuti yosemedwa nthawi zambiri siphulika tsiku loyamba. Mwini wake amawombera zipolopolo mazana angapo n'kumauza anzake kuti machenjezo aja ndi mantha chabe, pamene kampiringidzo kakutanuka pang'onopang'ono ndipo makoma opyapyala a kamgolo akutopa. Tsiku limene chitsulo chakana, chimang'ambikira m'mbali ndi m'mwamba, ndipo zidutswa zake sizifunsa kuti wolakwa ndani. Chomvetsa chisoni china n'chakuti mfuti yotereyi sibwereranso mwakale, pakuti chipolopolo chake chenicheni chimalowa mkati kwambiri moti nthawi zina kanyundo sikachimenya mokwanira. Ndinabweza mapepala anga m'thumba.

Vuto lomweli lilinso pa mfuti zocheperako zimene zinalowa m'malo mwa Webley yaikuluyo. Mu 1932 asilikali a Britain anavomereza Enfield No. 2 Mark I, yotenga chipolopolo chimene khoko lake n'lofanana ndi la .38 S&W, ndipo pa nkhondo yachiwiri kampani ya Smith & Wesson inapangira Britain ndi maiko ogwirizana nayo mfuti zoposa 500,000 zotenga chipolopolo chomwecho, zambiri mwa izo zodziwika ndi dzina lakuti Victory. Nkhondo itatha, amalonda anatalikitsa mabowo a m'kamgolo ka zina mwa mfutizi kuti muzilowa .38 Special, imene inali yosavuta kupeza. Maina onse awiriwa ali ndi nambala 38, ndipo munthu watsopano amaganiza kuti ndi mapasa, koma .38 S&W ndi yaifupi ndi yonenepa pamene .38 Special ndi yaitali ndi yowonda. Khoko lowondalo likakhala m'bowo lalikulu limatupa powombera, nthawi zina n'kung'ambika, mpweya wamoto n'kutulukira kolakwika. Pa mpope pamakhalabe patalembedwa dzina lakale, kotero kuti zolembedwazo zimanena china pamene bowo likunena china, ndipo amene angakuuzeni zoona ndi mmisiri wa mfuti woyeza mabowowo ndi zida zake.

Ngakhale mfuti imene sinakhudzidwe ndi amalonda ili ndi zake zofunika kuzimvetsa. Enfield yanga ndikaiwombera ndi zipolopolo za .38 S&W za masiku ano, zimene mutu wake umalemera magalamu 9 ndi pang'ono, imamenya m'munsi mwa chandamale pafupifupi chikhatho chimodzi pa mtunda wa mamita 20. Poyamba ndinkaganiza kuti tizitsulo tolunjikitsira tinapindika, ndipo ndinatsala pang'ono kutenga tupa kuti ndipale ka kutsogolo. Zoona zake n'zakuti mfutiyi anaichunira chipolopolo cholemera kwambiri, choyamba cha magalamu 13, kenako cha magalamu 11.5 chokutidwa ndi chitsulo, chimene anachibweretsa poopa kuti cha mtovu wokhawokha chingaswe pangano la maiko la ku The Hague la 1899, loletsa pa nkhondo zipolopolo zimene zimafutukuka zikalowa m'thupi la munthu. Chipolopolo cholemera chimachedwa kutuluka, ndiye chimatuluka kukamwa kwa mfuti kutadzuka kale pang'ono, n'chifukwa chake chimamenya m'mwamba kusiyana ndi chopepuka. Ndikadapala kachitsulo kaja ndikadawononga chinthu chimene chinalibe cholakwa chilichonse.

Mfuti imene ndimaikonda kwambiri, ngakhale anzanga amandiseka nayo, ndi Nagant M1895. Anaipanga ndi Léon Nagant wa mumzinda wa Liège ku Belgium, ufumu wa Russia n'kuivomereza mu 1895, ndipo patapita zaka zochepa anayamba kuipangira ku Tula. Ngakhale mfuti ya Tokarev inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kuti ilowe m'malo mwake, Nagant inapangidwabe mpaka 1945, ndipo yangayo ndi ya 1944, yokhala ndi chidindo cha muvi mkati mwa kachizindikiro ka ngodya zitatu, chomwe ndi cha fakitale ya ku Izhevsk. Imatenga zipolopolo 7, ndipo ili ndi chinthu chimene sindinachionepo pa volovolo ina. Pa mfuti zonse zamtunduwu pamakhala kampata pakati pa kamgolo ndi mpope pamene mpweya wina umathawira, koma pa Nagant, kanyundo kakamabwerera m'mbuyo, kamgolo kamazungulira kenako n'kusunthira kutsogolo kukakumbatira mpope. Chipolopolo chake, cha 7.62×38R, chimaoneka ngati khoko lopanda kanthu chifukwa mutu wake umabisala mkati, ndipo mlomo wa khokolo ndi umene umalowa mumpope n'kutseka kampata kaja. Nzeru imeneyi imalipiridwa ndi chala cha wowombera, pakuti chalacho ndi chimene chimasuntha zitsulo zonsezo, ndipo kukoka kachitsulo kowombera osayamba wabweza kanyundo kumatha kufuna mphamvu yonyamulira makilogalamu 9. Kuikamo zipolopolo n'kochedwetsanso, chifukwa umatsegula kachitseko ka kumanja n'kumalowetsa chimodzichimodzi, ndipo pochotsa makoko umatembenuza kandodo ka pansi pa mpope n'kumakankha limodzilimodzi. Pano napo pali anthu amene amalowetsamo .32 S&W Long poti imalowa ndipo imalira, koma makoko ake amatuluka otupa, ena ong'ambika, ndipo kampata kamene Nagant anavutikira kutseka kamakhala kotseguka.

Anthu amene sanayesepo amadabwa ndikawauza kuti masana athunthu ndimawombera zipolopolo zosaposa 50. Mfuti zimenezi sizifuna phuma. Tizitsulo tolunjikitsira ndi tating'ono moti maso a munthu wachikulire amavutika nato, chogwirira chake anachipangira dzanja limodzi monga ankaphunzitsira asilikali a nthawi imeneyo, ndipo kuti zipolopolo zisanu zigwere pamalo okwana chikhatho pamafunika miyezi yambiri. Ine ndimasunga kabuku momwe ndimalembamo mtundu wa chipolopolo, mtunda ndi pamene chamenya, ndipo chimwemwe changa chimabwera tsiku limene ndapeza chipolopolo chimene mfutiyo inachunidwira, n'kuona kuti ikumenya ndendende pamene mmisiri wa zaka 80 zapitazo anafuna kuti izimenya. Pochita zimenezi makutu amakhala otseka ndipo maso ali m'magalasi, ndipo amene wagwira ndi manja awiri amaonetsetsa kuti chala chilichonse chili kumbuyo kwa kampata kaja, chifukwa mpweya wotulukira pamenepo umacheka mnofu. Zipolopolo zakale zili ndi makhalidwe awiri oopsa. China chimachedwa kuyaka, kotero chikakana kulira umadikira masekondi 30 mfuti italoza ku chandamale usanaitsegule. China chimalira mofooka, mutu wake n'kutsakamira mumpope, ndipo wowombera chachiwiri asanasuzumiremo amatupitsa mpope kapena kuuphulitsa. Kulira kulikonse kosiyana ndi kwa nthawi zonse ndi chifukwa chokwanira cholekera, kuchotsamo zipolopolo zonse n'kuona ngati mumpope mukudutsa kuwala.

Mlembi wanu anatchula kuti zipolopolo zotsala ku nkhondo n'zotsika mtengo, koma sananene chimene chimawononga mfuti zambiri kuposa kuziwombera. Kadiso ka kumbuyo kwa zipolopolo zambiri zakale za asilikali, kamene kamayatsa onga kakamenyedwa, kali ndi mankhwala a potassium chlorate, amene akapsa amasiya mchere wa potassium chloride mumpope ndi m'mabowo a kamgolo. Mcherewo umakoka chinyezi, ndipo nyengo ikakhala yachinyontho dzimbiri limayamba pa tsiku limodzi kapena awiri. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba. Chimene chimausungunula ndi madzi, makamaka otentha, ndiye tsiku lomwelo umatsuka ndi madzi, n'kuumitsa bwino, kenako n'kupaka mafuta. Mipope yambiri yodyeka imene timaiona pa mfuti zogulitsa inadyeka m'manja mwa anthu amene anaipaka mafuta mwachikondi n'kuisunga mchere uli mkati.

Za pogula ndinenapo zochepa chabe, chifukwa munthu sangaphunzire kuyesa mfuti powerenga kalata. Maonekedwe ndi amene amanyenga kwambiri. Ma Nagant ambiri anakonzedwanso nkhondo itatha, zitsulo za mfuti zosiyanasiyana n'kuphatikizidwa, kuderetsedwa mwatsopano n'kusungidwa mu girisi mpaka Soviet Union itatha mu 1991, kotero kuti kuwala kwa kunja sikunena kanthu za mkati, monga amanenera akuluakulu za chikomekome cha mkuyu. Choyamba kuona, mfuti ili yopanda chipolopolo, ndi chakuti ukabweza kanyundo pang'onopang'ono kamgolo kazifika pamalo pake n'kukhomeka kanyundoko kasanafike kumapeto, pa bowo lililonse, chifukwa bowo likapanda kulunjika ndi mpope chipolopolo chimagunda m'mphepete n'kulavulira mtovu m'mbali. Zidindo nazo ziyenera kuwerengedwa. Kamuvi kotambasuka ndi chizindikiro chakuti inali katundu wa boma la Britain, timivi tiwiri toyang'anana timasonyeza kuti boma linaigulitsa, ndipo zilembo za BNP pansi pa chisoti chachifumu zimasonyeza kuti inayesedwa ku Birmingham ndi onga wamakono wopanda utsi. Chidindo chomalizachi n'chofunika, pakuti mitundu yoyambirira ya Webley inapangidwira onga wakuda, ndipo mpaka pa Mark V ya 1913 ndi pamene anakulitsa kamgolo kuti kapirire onga watsopano. Koma chidindo chimanena za tsiku limene mfuti inayesedwa, osati za lero, n'chifukwa chake mfuti iliyonse imene ndagula imayamba yadzera kwa mmisiri ndisanaiwombere ngakhale kamodzi.

Palinso nkhani ya kugwa. Mfuti zamakono zili ndi kachitsulo kotchinga kanyundo kuti kasamenye chipolopolo mfuti ikagwa pansi, koma pa zakale chotchingacho chimakhala chofooka, chothyoka, kapena chomatirira ndi girisi wouma. Mu 1944 msilikali wa pamadzi wa ku United States anafa mfuti ya Victory itagwera pansi m'sitima n'kulira yokha, ndipo zitatero Smith & Wesson inakonza chotchinga chatsopano, mfuti zokhala nacho n'kumayamba nambala yake ndi zilembo SV m'malo mwa V yokha. Ine sindinyamula mfuti yakale muli chipolopolo. Ndimaikamo nditaima kale pamzere wowombera, ndipo sindiiona ngati chida chotetezera nyumba, chifukwa sipuling'i ya zaka 100 imathyoka osatsanzika.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ukalamba wa mfuti nthawi zambiri suichotsa pansi pa lamulo. Ku United States lamulo la boma lalikulu limatenga mfuti zopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake ngati zinthu zamakedzana, pamene ku Britain, chichitikireni kuphedwa kwa ana a sukulu ku Dunblane mu 1996, malamulo a 1997 analetsa anthu wamba kukhala ndi mfuti za m'manja, ndipo zina za mbiri yakale zimaloledwa pokhapokha zikusungidwa ndi kuwomberedwa pamalo osankhidwa monga ku Bisley. Kulikonse kumene munthu ali, chilolezo chimayamba, bokosi lachitsulo lokhoma n'kutsatira, mfuti n'kubwera pamapeto, ndipo zipolopolo zimakhomeredwa kwina kumene mwana sangafike. Ndiwonjezerepo kuti sindigwirizana ndi anzanga amene amakamba za zida zimenezi ngati zidole zosangalatsa chabe. Nagant imene ndaiyamikira pamwambapa ndi mtundu womwewo umene apolisi achinsinsi a Soviet Union ankaphera akaidi, ndipo inali m'gulu la mfuti zimene zinapha banja la Mfumu Nicholas II ku Yekaterinburg mu July 1918. Sindidziwa kuti yangayo inadutsa m'manja mwa ndani, ndipo ndikaigwira ndimakumbukira zimenezo.

Pempho langa, a Mkonzi, n'lakuti mukonze chiganizo chija pamalo oonekera, ndipo munene mosapita m'mbali kuti .45 ACP ya m'sitolo isalowe mu Webley yosemedwa, .38 Special isalowe mu Victory imene mmisiri sanayeze mabowo ake, ndipo Nagant ipatsidwe 7.62×38R yokha. Webley ija ndinaisiya, ndipo ndinadikira zaka zina zitatu ndisanapeze Mark VI ya 1916 imene nambala ya pa kamgolo inali yathunthu. Zipolopolo zake zimapezeka mwa apo ndi apo, kotero ndimaitulutsa kawiri pa chaka, n'kuwombera 12 zokha ulendo uliwonse.

Ine wowerenga wanu,
Wosunga mfuti zakale